Pakhonde la Azakhali: Awk wanga wanditembenukira

Azakhali,
Ndimasunga kaundula wa mamembala pa kabungwe kena kobwereketsa ndalama. Ndinalemba kapulogalamu ka awk kodula dzina likapitirira zilembo 20 n'kulilemba m'zilembo zikuluzikulu. Pa laputopu yanga kamayenda bwinobwino, koma mnzanga atakaika pa seva ya Ubuntu, mayina okhala ndi ŵ akutuluka opunduka. Ngakhale length("Malaŵi") ikuti 7 pamene kwanga imati 6. Kodi mnzangayu wandichita chipongwe?
Wothedwa nzeru, ku Zomba

Mwanangu, msiye mnzakoyo adye nsima mwamtendere. Mlandu uli ndi iwe, amene unamva dzina loti awk n'kuganiza kuti ndi munthu mmodzi. Kodi a Phiri onse amagona m'nyumba imodzi?

Awk woyamba anabadwa mu 1977 ku Bell Labs ku America, m'manja mwa Alfred Aho, Peter Weinberger ndi Brian Kernighan. Kenaka kunabwera gawk wa GNU, amene Arnold Robbins wakhala akumulera zaka zambirimbiri, ndi mawk wa Mike Brennan, wowonda koma waliwiro. Palinso kakang'ono ka mu BusyBox kamene umakapeza mu Alpine. Malinga ndi zomwe walembazi, pa laputopu pako pali gawk. Debian ndi Ubuntu amabwera ndi mawk.

Tsono tamvera bwino, usiye kaye foniyo. Mu UTF-8, chilembo ngati a kapena w chimatenga byte imodzi, koma ŵ wathu wovala chipewayu amatenga ziwiri. Gawk amawerenga zilembo, n'chifukwa chake akuti 6. Mawk amawerenga ma byte, ndiye 7 wakeyo sakunama ayi. Tsoka limagwa pa substr: mpeni ukagwera pakati pa ma byte awiri a ŵ, theka limatsala, ndipo pa sikirini pamaoneka kachizindikiro kachilendo kumapeto kwa dzina la mayi wa eni ake. Nayenso toupper wa mawk amakuza zilembo zonse n'kumusiya ŵ ali kamwana pakati pa akuluakulu: MALAŵI. Ngakhale awk wa Kernighan mwini wake anaphunzira UTF-8 mu 2023, atakwanitsa zaka 46. Ndiye usamuseke kwambiri mawk.

Popeza ndimakudziwa, ndikuuziretu zina usanabwerenso kuno misozi ili chuchuchu. Ukazolowera gensub ndi asort, dziwa kuti ndi katundu wa gawk, mawk adzangokuyang'ana. Ndipo tsiku limene abwana adzati uchititse maere a mphoto ndi rand(), samala. Gawk akapanda kuitaniridwa srand(), amatulutsa manambala omwewo nthawi iliyonse imene wamuyambitsa, pamene mawk amasintha yekha. Munthu mmodzimodziyo akadzapata njinga miyezi itatu yotsatizana, anthu adzati ndi chibwenzi chako, ndipo ine sindidzakuikira kumbuyo.

Chochita n'chochepa. Pa sevapo lemba awk -W version kuti adzitchule yekha kuti ndi wa kwa yani. Kenaka umupemphe mnzako uja, mwaulemu, aike gawk ndi apt install gawk, ndipo m'kapulogalamu kako ulembe gawk poyera m'malo mwa awk. Ena angakuuze kuti uzingolemba zovomerezeka ndi POSIX kuti kaziyenda paliponse. Ndi nzeru ndithu, koma sizingaphunzitse mawk kuwerenga ŵ.

Chotsala ndi locale. Gawk yemweyo ukamuyendetsa ndi LC_ALL=C amabwerera kuwerenga ma byte, 7 uja n'kutulukanso. Izi zimakonda kuchitika pulogalamu ikamayambitsidwa ndi cron usiku iwe uli mtulo, chifukwa cron satenga zonse zimene unakonza mu terminal yako. Ulembe LC_ALL=C.UTF-8 pamwamba pa ntchitoyo.

Ukatha zonsezi, ukamugulire mnzakoyo Fanta ndi mandasi awiri. Ndipo kalata yotsatira undiuze za ukwati, amayi ako akundivutitsa.

Azakhali