Phunziro: Tidziwe Nkhufi za Nkhuku

Cilala ca 2024 cinatitsalira nkhokwe zopanda kanthu. Ambiri a ife tikuyambiranso ndi nkhuku, cifukwa zimaswana msanga. Koma m'khola muli mdani amene saoneka masana: nkhufi.

1. Makhalidwe ace

Nkhufi ndi nkhupakupa ya khungu lofewa. Masana imabisala m'ming'alu ya cipupa ndi pansi pa makungwa a mitengo ya khola. Usiku imaturuka, niyamwa magazi, nibwerera. Ikhoza kukhala caka cathunthu osadya. Ana ace okha ndiwo amakakamira kunsi kwa mapiko masiku angapo.

2. Mitundu yace

Nkhufi za nkhuku ndi za gulu lochedwa Argas. Argas persicus inadziwika kuyambira 1818, koma Argas walkerae ya kuno kumwera kwa Africa inapatsidwa dzina lace mu 1969. Imeneyi imalemaza miyendo ya nkhuku. Nkhufi za nkhuku zimafalitsanso kacirombo ka Borrelia anserina: nkhuku imatentha thupi, imatsegula m'mimba zobiriwira, nifa. Gulu lina, Ornithodoros, limakhala m'makola a nkhumba ndipo limanyamula cigodola ca nkhumba.

3. Akatswiri amazisiyanitsa bwanji?

Ndi maso, mitundu yambiri imafanana. Tsono akatswiri amaphwanya kacidutswa ka nkhufi, naturutsamo DNA, imene ili ngati cidindo ca mtundu m'thupi la camoyo ciliconse. Amawerenga cigawo cochedwa 16S, nacifanizira ndi ca mitundu yodziwika kale. Akadziwa mtundu, adziwanso matenda amene tiyenera kuopa.

4. Nchito yathu

Tiunike m'khola usiku ndi toci. Tikapeza nkhufi, titole zingapo, tiike m'kabotolo ka spiriti, tilembe mudzi ndi tsiku, tipereke kwa a vetenale. Timate ming'alu yonse. Tisende makungwa tisanamange khola. Titenthe udzu wakale wa m'zisa. Nkhuku zatsopano zigone padera masabata awiri, kuti ana a nkhufi ayambe agwa. Nkhuku zisagone m'nyumba mwathu.

Mafunso okambirana

Kodi nkhuku zanu zikukana kulowa m'khola madzulo? Ndani pa mudzi wathu adzapita ndi kabotolo kwa a vetenale sabata ino?