PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KUSULA NKHWANGWA NDI CITSULO COTAYIDWA

Abale athu a ku Kasiya, Kabudula ndi Nsaru, makolo athu anali kusungunula miyala m'ng'anjo zadothi kuti apeze citsulo ca makasu, ndipo zina za ng'anjozo zikali ciimire m'nkhalango ya Kasungu. Ife lero citsulo tingociponda padzala, koma nkhwangwa ikathyoka tilira ndalama. Tsono tiyeni tiphunzire kucisula.

1. Za kusankha citsulo

Zitsulo sizili zofanana iai. Ca mgolo ndi cofewa: ciyenera mbaula, koma mpeni wace ubuntha msanga. Sipulingi ya galimoto ndiyo yoyenera nkhwangwa, kasemasema ndi cikwanje, pakuti muli kaboni, cinthu ca mtundu wa makala, monga magawo 6 mwa 1,000. Kaboniyo ndiye alola citsulo kuuma cikazizidwa mwadzidzidzi.

2. Za cipala

Cipala sicifuna ndalama zambiri. Tikumba kadzenje, tiikamo makala a mtengo wolimba, ndi kulowetsa paipi pansi pace. Mvukuto ukhoza kukhala wa cikopa ca mbuzi monga kale, kapena mkombero wa njinga wozunguza cokupizira. Posulira pace ndi citsulo ciri conse colemera. Nyundo, mbaniro ndi tupa zikwanira.

3. Za kuumitsa

Apa ndipo alakwa ambiri. Tikatha kusula, tiika nkhwangwayo m'phulusa lotentha kuti izizire pang'onopang'ono, ndipo m'mawa tiipala ndi tupa. Pamenepo titenthanso kukamwa kwace kufikira kwafiira ndi kuleka kugwira maginito, ndiko kutentha kwa madigiri monga 770. Tionjeza moto pang'ono, ndi kuiviika msanga m'mafuta. Madzi ozizira ang'amba citsulo ca sipulingi.

Koma nchito siinathe. Citsulo cotere cauma ngati galasi, ndipo cingabenthuke pa mtengo woyamba. Cifukwa cace ticipukuta ciyere, ticitenthe pang'ono cakumbuyo, maso ali kukamwa. Maonekedwe ayamba ngati udzu wouma, nadera pambuyo pace, akadera, tiviikanso. Tikacedwa kufikira abiriwira ngati thambo, nkhwangwa yafewa, ndipo tiyenera kubwereza kuumitsa.

4. Macenjezo

Malata ndi mapaipi onyezimira anakutidwa ndi zinki, ndipo utsi wace udwalitsa cifuwa ndi thupi lonse, tisaziike pamoto. Mgolo umene munali petulo uphulika ngakhale uoneka wouma. Umene munali mankhwala a fodya usasanduke mphika kapena cotungira madzi. Ndiponso citsulo ca pa njanji, ca pa mlatho kapena ca pa mjigo si cotayidwa iai. Wocicotsa abera mudzi wonse, ndi wocigula ali naye mlandu womwewo.

Tisapeputse dzala. M'caka ca 2002 William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anamanga makina a mphepo opanga magetsi ndi cokupizira ca thirakitala ndi njinga yakale. Nzeru yace inali kudziwa cimene citsulo ciri conse cikhoza kucita.

Mafunso a kukambirana

(a) Cifukwa ninji citsulo ca mgolo sicisunga kuthwa?
(b) Maginito atiuza ciani pacipala?
(c) Ndani m'mudzi mwathu adziwa kusula, ndipo ndi anyamata angati aphunzira kwa iye?