ZA LIU LAKUTI “UCINYAMA”

Liu lakuti “ucinyama” limveka m'midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka pamene munthu wacita coopsa. Tsinde lace ndilo “nyama”. “Ci-” asonyeza mkhalidwe, monga m'liu lakuti cibwana. Ndipo “u-” ndi yemweyo ali m'liu lakuti umunthu. Cozizwitsa ndi ici: ng'ona ikagwira msodzi pa nyanja, kapena fisi akalowa m'khola, palibe wonena kuti zacita ucinyama. Liuli ligwera munthu yekha, pakuti iye yekha akhoza kutsika pa malo pamene Mulungu anamuika.

1. Zimene munthu afanana nazo ndi nyama. Izi ndizo njala, ludzu, tulo, mantha, mkwiyo ndi cilakolako ca kubala. Thomas Aquinas Woyera (1225-1274) anaphunzitsa kuti zilakolako sizili macimo mwa izo zokha: zikoma nzeru ikaziweta, ziipa zikadula cingwe. Cifukwa cace mphunzitsi asauze ana kuti thupi ndi lonyansa. Analiumba ndi Mulungu, ndipo Ambuye Yesu anamva njala, natopa, nagona tulo m'ngalawa.

2. Poyambira ucinyama. Mkango ukakhuta ugona, mbuzi ikapha ludzu icoka pa madzi. Koma munthu amwa kacasu kufikira nkhokwe itatha, ndipo khamu lipangana kutentha mbala kapena kugenda nkhalamba poiyesa mfiti. Nyama sidziwa kupangana zotere. Tsono ucinyama ndiwo nzeru imene yasanduka kapolo wa cilakolako. Makolo a Acewa anaciona ici: nthano ya ku Kaphirintiwa isimba kuti anthu ndi nyama anakhala pa mtendere kufikira munthu anapeka moto natentha chire, nyama nizithawa. Woononga mtendere anali mwini nzeru.

3. Mankhwala ace. Akulu amati, “Kali kokha nkanyama, tili awiri ntiwanthu.” Mwambiwu sutama kuculuka cabe, pakuti khamu logenda lija ndi loculuka, utama kuona mnzako monga munthu. Mkristu asachule wocimwa kuti nyama, popeza amene wachedwa nyama sakhalira kuphedwa monga nyama. Koma aziweta thupi lace la iye mwini ndi kusala kudya, ndi pemphero, ndi kulapa.

Funso la pa msonkhano: mbala ikagwidwa pa msika, Mkristu ali m'khamumo ayenera kucitanji?