ZA NGALAWA YOCHEDWA FOLKBOAT

Kumpoto kwa Ulaya kuli maiko anai oyandikana, ndiwo Sweden, Norway, Denmark ndi Finland. Maiko awa ali ndi magombe atali ndi zisumbu zambirimbiri, ndipo anthu ace adziwa nyanja kuyambira kale lomwe. Ambiri a iwo akonda kuyenda m'ngalawa za mathanga, zoyenda ndi mphepo yokha. Sacita ici kuti agwire nsomba kapena kunyamula akatundu, koma kuti akondwere ndi kucita mpikisano. Koma kale masewera amenewa anali a eni cuma makamaka, pakuti ngalawa zace zinali zazikuru ndi za mtengo wapatali.

M'caka ca 1941, pamene nkhondo yaikuru inalikusautsa maiko ambiri, bungwe la eni ngalawa a kumeneko linaitana amisiri kuti alembe cifaniziro ca ngalawa yaing'ono ndi yolimba, imene munthu wa cuma cocepa angathe kuigula, ndi banja lace kugonamo. Zinafika zifaniziro zoposa 50, koma oweruza sanapeze cimodzi cowakwanira m'zonse. Pamenepo anatenga zopambanazo nazipereka kwa Tord Sundén wa ku Sweden, kuti atole cokoma ca ici ndi cokoma ca ico, nazilumikize pamodzi. Pakuti mutu umodzi susenza denga. Ngalawa yoyamba inalowa m'madzi ku Göteborg m'caka ca 1942, ndipo anaicha Folkboat, ndiko kunena ngalawa ya anthu wamba.

Kutalika kwace ndi mapazi 25, kupingasa kwace mapazi 7, ndi kulemera kwace pafupifupi matani 2. Matabwa a m'nthiti mwace asanjikizana, la pamwamba kuphimba mlomo wa la pansi, monga umo makolo a anthu aja anapangira zombo zao zaka 1,000 zapitazo. Iri nao mlongoti umodzi ndi mathanga awiri, lalikuru kumbuyo kwa mlongoti ndi laling'ono kutsogolo. M'kati muli kacipinda kogonamo, koma denga lace ndi lalifupi, kotero kuti munthu wamkuru sangathe kuimiriramo.

Mphamvu yace yeniyeni yabisika pansi pa madzi. Kumimba kwace amangako citsulo cacitali colemera ngati tani imodzi, ndilo theka la kulemera kwa ngalawa yonse. Bwato losema likapendekeka kwambiri ligubuduka msanga, popeza liribe kanthu kolikokera pansi. Koma mphepo ikaomba kolimba pa mathanga a Folkboat niipendeketsa, citsulo cija cinyamuka ca kumbali, ndipo kulemera kwace kuibweza kuti iimenso. Ikapendekeka koposa, citsuloco ciikoka koposanso. Cifukwa cace amarinyero aikhulupirira pa namondwe, ngakhale iri yaing'ono.

Cina cimene anthu aikondera ndi lamulo lace. Eni ngalawazi anapangana kuti zonse zilingane m'kutalika, m'kulemera ndi m'kukula kwa mathanga, ndipo pali anthu oyesa amene aona ngati mwini wasunga pangano. Tsono pa mpikisano wolemera sangathe kupambana ndi ndalama zace; apambana iye amene adziwa kuzindikira mphepo ndi kugwira tsigiro bwino, pamodzi ndi anzace awiri omthandiza. M'zaka za m'ma 1970 analola kuumba ngalawazi ndi pulasitiki wolimba wosanganiza ndi ulusi wa galasi. Koma analamulira kuti maonekedwe ndi kulemera zikhale monga kale, kuti yakale ya matabwa ithe kupikisana ndi yatsopano.

Motero kunabadwa gulu la anthu okonda mtundu umodzi uwu wa ngalawa, osafuna kumva za wina. Ngalawazi zacuruka kufikira zikwi zingapo, ku Sweden, Denmark, Finland, Germany ndi Britain, ngakhale ku San Francisco, kutali ku America. Nyengo ya cisanu, pamene madzi a m'madooko a kumpoto aundana, eni ace azikokera pamtunda nazifunda; pofika nyengo yofunda azipala, azipaka utoto, nasintha thabwa lobvunda ndi manja ao. Caka ndi caka asonkhana kucokera ku maiko osiyana kudzalimbirana cikho cochedwa Gold Cup. Anthu ena awaseka, nati ngalawa zatsopano ziri ndi zipinda zazikuru ndi liwiro loposa; koma iwo sasamala mau awa.

Mbiri yace inamveka koposa cifukwa ca Herbert Hasler, msilikari wa ku Britain. Iye anali ndi Folkboat yochedwa Jester, imene anaisintha kuti munthu mmodzi aiyendetse yekha. Anaiphimba pamwamba ponse, naikapo thanga la mtundu wa ku China, losabvuta kulifunya mphepo ikakula. Anapanganso cipangizo cogwira tsigiro ndi mphamvu ya mphepo, kuti iye apeze nthawi yogona. M'caka ca 1960 amuna asanu anacita mpikisano woyamba wooloka nyanja ya Atlantic, yense yekha m'ngalawa yace, kucokera ku Plymouth kunka ku New York, ulendo wa mailosi ngati 3,000 wopenyana ndi mphepo. Ziwiri za ngalawa zisanuzo zinali za mtundu wa Folkboat. Francis Chichester, amene ngalawa yace inali yaikuru koposa, anafika woyamba atatha masiku 40. Wotsatana naye anali Hasler, atatha masiku 48.

Pambuyo pace Jester inagulidwa ndi Michael Richey, amene anaoloka nayo Atlantic kawirikawiri, osasamala kuti ngalawa zazikuru zimsiya kutali. M'caka ca 1988 pfunde lalikuru linaigwetsa niiononga. Richey anapulumutsidwa ndi combo cina, koma Jester inatayika m'nyanja. Abwenzi ace sanalole kuti dzinalo life. Anasonkha ndalama, napangitsa yina yofanana nayo, naicha Jester yomwe. Ndipo Richey anaolokanso nayo nyanja, ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80. Kuyambira caka ca 1942 zapangidwa ngalawa zambiri zokongola ndi zaliwiro zimene zaiwalika kale. Koma iyi, imene anaipangira anthu wamba, isungidwa ndi kukondedwa kufikira lero, popeza icita nchito yace mokhulupirika pa nyanja yabata ndi pa namondwe pomwe.

MAFUNSO

1. Dzina lakuti Folkboat litanthauzanji?
2. Tord Sundén anapatsidwa nchito yotani?
3. Fotokozani umo citsulo ca pansi ciletsera ngalawa kugubuduka.
4. Cifukwa ninji munthu wolemera sangapambane mpikisano ndi ndalama zace?
5. Hasler anacedwa masiku angati pambuyo pa Chichester?
6. Abwenzi a Richey anacitanji itatayika Jester?