Mödlareuth, kamudzi kogawidwa ndi khoma

Funso: Ndinamva kuti ku Germany kuli kamudzi komwe kanadulidwa pakati ndi khoma ngati mzinda wa Berlin. Kali kuti, nanga zinatheka bwanji?

Yankho: Mukunena Mödlareuth, kamudzi ka anthu pafupifupi 50, kufupi ndi mzinda wa Hof. Pakati pake pamadutsa kamtsinje ka Tannbach, koti munthu n'kungolumpha. Kamtsinjeka ndi malire akalekale a zigawo za Bavaria ndi Thuringia, koma sikankalekanitsa anthu: ana a tsidya ili ndi tsidya ilo ankaphunzira sukulu imodzi, ndipo onse ankapemphera kumudzi wapafupi wa Töpen.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, mbali ya Bavaria inakhala m'manja mwa Amereka, ya Thuringia m'manja mwa Soviet Union. Mu 1952 boma la East Germany, lomwe linkalamulira mbali ya Thuringia, linamanga mpanda wamatabwa, ndipo mu 1966 linamanga khoma lakonkire lotalika mamita 700, msinkhu wopitirira mamita 3. Chomvetsa chisoni n'chakuti akum'mawa ankaletsedwa ngakhale kubayibitsa achibale awo akutsidya.

Khomalo linabooledwa pa 9 Disembala 1989, patatha mwezi la Berlin litatsegulidwa. Mbali ina ya khomalo anaisiya dala kuti alendo aziona. Mpaka lero kamudzika kali m'zigawo ziwiri, ndipo manambala a galimoto ndi a lamya amasiyana.