Amalume anati tidekhe, pano akuti nthawi ya apilo inatha

Azakhali,

Amuna anga anamangidwa chifukwa chopezeka ndi njinga yamoto yakuba. Anaigula kwa mnzawo ndipo sankadziwa kuti ndi yakuba. Amalume awo anawalangiza kuti angovomera mlandu, khoti liwamvere chisoni, koma majisitireti anawapatsa zaka zinayi. Tsiku lomwelo ndinauza apongozi kuti tichite apilo. Amalume anati kuona maso a nkhono n'kudekha, tidikire abale onse akumane. Anakumana patatha milungu itatu. Kenako anatipezera munthu amene akuti amadziwana ndi akukhoti, ndipo ndinagulitsa soya yense n'kumupatsa K250,000 kuti akalankhule ndi majisitireti achepetse zaka. Tinapitanso kwa agulupu kuti atilembere kalata. Pano patha miyezi iwiri, foni ya munthu uja siikupezeka, ndipo wina wandiuza kuti nthawi ya apilo inatha kalekale. Kundende amapita ndi alamu, apongozi akuti malo amenewo si oyenera mkazi. Kodi basi zatha?

Ndine wosweka mtima, ku Dowa

Mwanawe,

Funso lako ndiyankha, koma ndiyambe ndi chimene wachikankhira kumapeto kwa kalata ngati si kanthu. Miyezi iwiri mwamuna ali m'ndende, iwe osapondako, ati apongozi analetsa. Mwambo umenewo ndi wa kuti? Ine ndakalamba ndisanaumve. Soya wako anali woyenera kugulitsidwa, koma nkhope yako si yoyenera kuoneka pa geti la ndende? Alamu ako ankapita ndi chakudya ndi moni, n'kubwerako. Ukanapita wekha ukanafunsa mafunso, chifukwa amene chikumuwawa ndiye amafunsa, ndipo m'ndende zathu mumalowa a PASI, omwe ntchito yawo ndi kufotokozera akaidi za malamulo. Ukanamva kuti mkaidi akhoza kulemba papepala kuti akufuna apilo, n'kupereka kwa asilikali a ndende, ndipo lamulo limatenga kuti wadziwitsa Khoti Lalikulu. Zimenezo sizifuna loya kapena minibasi.

Amene anakuuza za nthawi sananame. Gawo 349 la lamulo la kazengedwe ka milandu, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code, limapereka masiku 10 okha kuchokera tsiku la chigamulo kuti munthu adziwitse Khoti Lalikulu kuti akufuna apilo. Kenako pali masiku 30 oti apereke chikalata chofotokoza zimene akudandaula. Akakhala kuti anapempha kope ya chigamulo pamene ankadziwitsa khoti, masiku 30 amayamba kuwerengedwa tsiku limene wailandira. Choncho pamene abale ankayala mphasa pa sabata yachitatu, masiku 10 anali atapita. Mwambi wa nkhono ndi wabwino pa nkhani ya chinkhoswe. Ku khoti amawerenga kalendala.

Koma sizinathe. Gawo lomwelo limalola Khoti Lalikulu kulandira apilo yochedwa ngati pali chifukwa chomveka. Uwu si ufulu woti mungotambasula dzanja, ndi pempho, ndipo jaji akhoza kukana. Adzafuna kudziwa chimene chinakuchedwetsani, adzaonanso ngati apiloyo ili ndi mutu. Tsiku lililonse limene ukukhala pakhonde kudikira foni ya munthu uja likuwonjezera zoti mudzafotokoze.

Chondiwawa kwambiri ndi langizo loti avomere mlandu. Amalumewo anaphunzira kuti zamalamulo? Gawo 348 limati munthu amene wavomera yekha mlandu sangachite apilo yotsutsa kuti ndi wolakwa, akhoza kungodandaula za kukula kwa chilango kapena ngati chili chosemphana ndi lamulo. Mwamuna wako anali ndi choyankha, chakuti sankadziwa kuti njingayo ndi yakuba, ndipo anachitaya pofuna kumvera mkulu. Komabe loya akawerenge faelo. Ngati pamene ankavomera ananenanso kuti "ndinagula koma sindinkadziwa", ndiye kuti sanavomere zonse, ndipo jaji akhoza kuiona nkhaniyo mwa njira ina. Ukamufunse mwini wake zimene ananena tsiku limenelo, liwu ndi liwu. Alamu sangakufunsire zimenezo.

Tsopano za K250,000. Munthu uja ndi dobadoba, ndipo anakugulitsani chinthu chimene kulibe. Majisitireti akagamula mlandu n'kupereka chilango, mphamvu zake pa mlanduwo zathera pomwepo. Sangadzuke m'mawa n'kufufuta zinayi n'kulemba ziwiri, ngakhale atakhala mwana wa amalumewo. Agulupu nawo ndi munthu wolemekezeka, pa malire a munda ndi pa mikangano ya m'mudzi mawu awo amamveka, koma kalata yawo sitsegula chitseko cha ndende. Chigamulo cha majisitireti amachisintha ndi jaji wa Khoti Lalikulu, ndipo kwa inu a chigawo chapakati limeneli lili ku Lilongwe. Ena ali nalo ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Ndikuuzenso chimene abale sanakuuze: ndalama yopereka kuti woweruza akondere ndi chiphuphu, ndipo wopereka nayenso amakhala ndi mlandu. Dzanja limene linapereka ndi lako, si la amalume. Ukamuuze loya zoona zake zonse, akulangize, ndipo usadzaperekenso ngakhale tambala kwa munthu amene sapereka lisiti.

Mawa ukwere galimoto. Uyambe kundende, umuone mwamuna wako, umve ngati analembako kalikonse kapena ananena m'khoti kuti akufuna apilo, chifukwa nthawi zina abale amalira pamene mwini wake anachita kale. Utenge nambala ya mlandu, tsiku la chigamulo ndi dzina la khoti. Ukatero upite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu amene sangakwanitse kulemba loya, ukanene kuti mukufuna kupempha apilo yochedwa. Ukafunsenso ngati faelo inatumizidwa ku Khoti Lalikulu, pakuti chilango chachitali ngati ichi chimayenera kuunikidwa ndi jaji ngakhale popanda apilo. Usayembekezere kuti atuluka sabata yamawa. Belo ya munthu wogamulidwa kale imavuta kwambiri. Apongozi ukawatsanzike mwaulemu, ugwade ngati n'koyenera kugwada, koma ukhale ukuwadziwitsa, osati kupempha chilolezo.

Ndi inu akuluakulu a m'mabanja, amalume ndi atsibweni a dziko lino, ndili nanu mawu. Timakulemekezani, ndipo pa maliro ndi pa ukwati sitingayende popanda inu. Koma ena mwa inu mumaona ngati kunena kuti "izi sindikuzidziwa, tiyeni tikafunse" n'kudzitsitsa. Mumalolera mwana wa mlongo wanu agone pasimenti zaka zinayi kusiyana n'kuti mpongozi wamkazi aoneke wanzeru kuposa inu. Mumaitanitsa msonkhano, kudikira wa ku Joni aimbe foni, kusonkhetsa ndalama za dobadoba, zonsezo kuti nkhani idutse m'manja mwanu. Zinthu zikavuta mumati ndi tsoka la mwanayo.

Amene muli ndi m'bale amene mlandu wake ukugamulidwa posachedwa ndipo alibe loya, muuzeni asanalowe m'khoti: akangomva chigamulo chimene sakugwirizana nacho, anene pomwepo kuti akufuna apilo. Majisitireti amalemba, iye amasaina kapena kudinda chala, ndipo za masiku 10 zija zatheka. Apemphenso kope ya chigamulo. Zoti apitirize kapena ayi adzakambirana ndi loya modekha, chifukwa jaji ali ndi mphamvu zochepetsa chilango komanso zochiwonjezera.

Azakhali anu