Mukaona kadzidzi woyera pa bwalo la ndege

Inu amene mwalembedwa kumene ntchito yoyendera misewu ya ndege kumpoto kwa America, dziwani kuti kuyambira Novembala mpaka Epulo mudzalandira mlendo wopanda chiphaso. Ndi kadzidzi woyera wochokera ku Arctic, dera lopanda mitengo, lachidikha kufikira kumene maso alekeza. Akafika kum'mwera amafunafuna malo ofanana ndi kwawo, ndipo bwalo la ndege, ndi udzu wake waufupi ndi makoswe ake, limamukomera.

Ndi mbalame yokongola: maso achikasu, mapiko otambasuka pafupifupi mita imodzi ndi theka, nthenga mpaka kuzala. Imakhala duu pa chikwangwani masana onse, mutu wokha ukutembenuka. Dzanja lanu lidzathamangira foni. Yambani ndi wailesi. Uzani a kunsanja ndi a gulu loona za nyama malo enieni, nambala ya msewu, chikwangwani chimene yaterapo ndi nthawi. Kunena kuti "ili cha uko kunyanja" sikuthandiza munthu amene akutsitsa ndege mphindi iliyonse.

Chifukwa chake n'chamagazi. Pa 4 Okutobala 1960, ndege ya Eastern Air Lines itangonyamuka pa bwalo la Logan ku Boston inawomba gulu la timbalame n'kugwera m'madzi, ndipo anthu 62 anafa. Tinali timbalame tokwana m'manja. Kadzidzi wamkazi amatha kulemera makilogalamu awiri.

Musamuimbire hutala kapena kumuthamangitsa ndi galimoto. Mbalame yomwe imaodzera injini za ndege zikubangula pambali pake siingathawe dziko chifukwa cha inu. Imangouluka chapansipansi n'kukatera poteropo, ndipo njira yake ikhoza kudutsa pamene ndege ikuthamanga. Mukatero mwasandutsa vuto lokhala pansi kukhala vuto louluka.

Ntchitoyi ili ndi eni ake. Ku Logan, a Norman Smith a bungwe la Mass Audubon akhala akugwira akadzidziwa kuyambira 1981, ndipo asamutsa oposa 900. Amatchera ukonde wofwamphuka wokhala ndi nyambo pakati, n'kudikira m'galimoto. Akagwira mbalameyo amaipima, kuiveka mphete kumwendo, kenako kukaimasula ku magombe monga Duxbury kapena Plum Island. M'dzinja la 2013 mpaka 2014, pamene akadzidzi anatsika mwaunyinji, anachotsa oposa 100 pa bwalo limodzilo. Mu Disembala 2013 a ku bwalo la JFK ku New York anasankha mfuti, anthu anakwiya kwambiri, ndipo pasanathe masiku akuluakulu analengeza kuti nawonso aziwagwira amoyo. Ine ndimaona kuti njira ya ku Boston ndi yanzeru, ngakhale imafuna munthu woleza mtima pa mphepo yobaya mafupa.

Tsono pali anthu a kumpanda, okhala ndi makamera aataliatali, ena atayenda mtunda wautali kudzaona mbalameyi kamodzi m'moyo wawo. Ambiri ndi aulemu, inunso alankhuleni mwaulemu. Koma chiphaso chanu sichotsegulira mlendo geti, ngakhale akhale mlamu wanu. Musawalozere pamene mbalame ili, ndipo chithunzi chanu chisapite pa Facebook ndi dzina la malo, chifukwa m'mawa mwake magalimoto adzatseka msewu wa ozimitsa moto. Mukaona wina akuponya mbewa kuti kadzidzi amuyandikire, itanani achitetezo nthawi yomweyo, pakuti akumuphunzitsa kuti pa bwalo pali chakudya chaulere.

Tsiku lina mudzapeza nthenga kapena magazi pa msewu wa ndege. Musasesere m'bini. Valani magolovesi, ikani zotsalazo m'pepala lapulasitiki, lembanipo tsiku ndi malo, mupereke kwa kapitawo pamodzi ndi lipoti. Zimatumizidwa ku labotale ya Smithsonian ku Washington, kumene amatha kuzindikira mtundu wa mbalame kuchokera pa kanthenga kamodzi.